Cholembera Chonenepa

Mu shopu ya a Satayakanthu munali lamulo limodzi lomwe ngakhale mphaka wa pamenepo akanatha kulilakatula: kachipika ka cholembera sikanenepa kuposa chala. Kachipika ndiko kachidutswa ka mtengo ka ngodya zinayi komwe amakaboola pakati, n'kulowetsamo kapaipi ka mkuwa, kenako n'kukazunguza pa makina uku akukasema mpaka katasanduka cholembera. A Satayakanthu ankati kachipika konenepa ndi utuchi chabe wodikira tsache. Dzina lawolo sanabadwe nalo ayi. Anawapatsa ndi anthu a mumsewumo atatopa kuwaona akuwongola timisomali topindika, ndipo iwo sankakwiya nalo, ankayankha bwinobwino.

Amene ankadula tizipikato anali mlongo wawo wamng'ono, yemwe aliyense ankamutcha Nautuchi chifukwa tsitsi lake silinkaoneka mtundu wake weniweni. Anali ndi dzanja losanjenjemera pa sowo ndi pakamwa posadziwa kudikira. Awiriwa ntchito anaiphunzira kwa munthu mmodzi, bambo awo, ndipo tinene chilungamo, pa makina achimwenewo ankamuposa. Iye ankangowaposa makani.

Abambowo tsopano ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa shopu, komwe kale ankasungirako vanishi. Sitiroko inawagwetsa m'mawa wina ali ndi tchizulo m'manja. Inawasiyira maso, makutu ndi nzeru zawo zonse, koma inawalanda mawu, n'kuwapinda dzanja lamanja kuti zala zizingokhala ngati zafumbata chinthu chomwe palibe. Lamanzere silikanawathandiza, pakuti sowo inadya chala chachikulu ndi chinzake kalekale ana asanabadwe. Chinanso, mutu wawo unkangogwedezeka wokha tsiku lonse, ndiye aliyense wobwera ndi funso ankabwerera ndi yankho lomwe analifuna.

Nautuchi anayesa kuwapatsa cholembera kuti azilemba za kumtima kwawo. Chinali cha mu shopu momwemo, chokongola, chowonda monga mwa lamulo. Chinapulumuka pakati pa zala n'kugubudukira pansi pa bedi. Anakulunga china ndi nsanza kuti chinenepe, n'kumanga ndi mphira. Abambo anachiyang'ana, anamuyang'ana iye, kenako anachikankha ndi chigongono. Munthu amene watha moyo wake wonse akusalaza mitengo sangalembe ndi nsanza, ndipo Nautuchi anachita manyazi kuti anaganizako n'komwe.

Zili choncho kunatulukira achemwali aakulu a Nautuchi ndi a Satayakanthu pa galimoto, atanyamula zipatso ndi maganizo omangamanga kale. Kwawo kunali kutali, koma nyumba inali yopanda masitepe, yopanda fumbi, chipatala chili pakhomo. Anati abambo asamukire kumeneko Loweruka. Ana atatuwo anaima mozungulira bedi.

"Abambo, mupita kwa achemwali, eti?" anafunsa a Satayakanthu mokuwa, ngati matendawo anatsekanso makutu.

Mutu unagwedezeka.

"Mwaona? Avomera."

"Abambo," anatero Nautuchi, "kunjaku kukugwa matalala, eti?"

Kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Mutu unagwedezeka.

"Mwaona? Avomeranso."

"Iwe, ulemu uzikhalako pamaso pa odwala," anatero achemwali.

"Ulemu wake ndi umenewu womawayankhira? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, achemwali. Pano m'mimba ndi mwa ena, otsekula ndi ena."

Ana otsiriza sayankhidwa, amangowadikira kuti atope. Achemwali ananyamuka atanenetsa kuti galimoto ibwera Loweruka, anthu afune asafune. Nautuchi anatsala ali ndi chikhulupiriro chonse kuti abambo sakufuna kuchoka. Shopuyo anaimanga okha, ndipo fungo la mtengo ndilo linali mpweya wawo. Komanso, tisabise, iye mwini sankafuna kuti achoke. Ndiye ankawameta ndevu, ndiye ankawamwetsa tiyi ndi supuni, ndipo akaganiza za kachipindako kopanda munthu mtima unkamuwawa.

Madzulo a tsiku lomwelo analowa kwa abambo atanyamula zinthu m'thumba la epuloni.

"Bwerekeni dzanja lanulo. Ndikufuna ndidziwe kuti limagwira chiyani."

Anayamba ndi kandulo. Anapulumuka. Anayesa mpini wa tsache, koma unali wonenepa kwambiri, zala zinangokhala pamwamba osauzungulira. Kabotolo ka mankhwala kanaterera. Pomaliza anatulutsa tchizulo yakale ya abambo omwewo, yomwe mpini wake unada ndi thukuta, n'kuulowetsa pang'onopang'ono pakati pa zala zopindikazo. Zala zinatseka. Nautuchi anakoka pang'ono, tchizulo sinachoke. Anakokanso mwamphamvu, bedi linalira, tchizulo inakhalabe pomwepo. Atakweza maso anapeza abambo akumuyang'ana ndi maso aja omwe ankayang'ana nawo wogula wonenerera mopanda manyazi.

"Basi, ndamva," anatero.

Tsono cholembera chonenepa ngati mpini wa tchizulo chimafuna kachipika konenepa kuposa pamenepo, pakuti makina amadya ngodya zonse zinayi asanakupatse chinthu chobulungira. Kamayeneranso kutalika kupitirira kapaipi, chifukwa chiboolero chikamatulukira mbali ina chimang'amba mtengo, ndipo pong'ambikapo umadula n'kutaya. Nautuchi anasanthula mashelefu onse. Munali timatabwa tokhatokha towonda, totsalira kwa okonza mipando, tomwe a Satayakanthu ankapita kukatola okha. Anaganiza zoti kukacha apite kwa ogulitsa matabwa akafune chidutswa cholimba. Akanapita, nkhani ino sikanakhalapo.

Koma kutacha anapeza achimwene ake ali pamwamba pa mpando, akutsitsa phingo wa abambo. Chinali chidutswa cha mtengo wakuda bii, cholemera, chotalikirapo kuposa chikhatho, chonenepa ngati mkono wa mwana. Abambo anachisunga pa mtanda wa denga zaka zambirimbiri osalola aliyense kuchikhudza. A Satayakanthu anachipukuta fumbi, anatenga rula ndi pensulo, n'kujambula mizere mosamala kwambiri.

"Zituluka zitatu," anatero. "Chimodzi cha achemwali, chimodzi changa, chimodzi chako. Tikhale ndi chokumbukira."

"Chokumbukira ndani?"

"Abambo, nanga ndani?"

"Amwalira liti osandiuza ine? Munthu akutsokomola kuseri kwa khomali, inu mwayamba kale kugawa za masiye?"

"Usandiike mawu m'kamwa, iwe. Akupita kutali, ndi zomwe ndikunena."

"Ngati phingoyu watsika lero, watsikira mwini wake. Chituluke chimodzi, chonenepa, choti agwire iwo."

A Satayakanthu sanakalipe. Anatembenuza chidutswacho n'kumuonetsa kumapeto kwake. Pakati penipeni panali mng'alu wopyapyala, wolowa mkati kosadziwika kuti ukulekeza pati.

"Taona apa. Mtima wake ndi wong'aluka. Mizere yangayi ikulambalala mng'aluwu, tizipika titatu tichokera m'mbali, tonse tabwinobwino. Chonenepa chakocho chilibe kolowera, chiyenera kutenga mtimawu. Ukachiika pa makina chidzakuphulikira kumaso, ndipo tidzatsala ndi utuchi wakuda. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mlongo wanga."

Sankanama, ndipo chinamupweteka Nautuchi n'chimenecho. Zikanakhala zosavuta achimwene akanakhala mbuli. Iye anayang'anitsitsa mng'aluwo, ndipo a Satayakanthu, poona pakamwa paja patatsekeka, anayesa kuti nkhani yatha. Kutsogolo kunagogoda wogula. A Satayakanthu anasiya phingo pafupi ndi sowo.

"Utsate mizere," anatero akutuluka.

Nautuchi anamasula chitsulo chotsogolera thabwa pa sowo, chomwe chinakhala malo amodzi mpaka kuchita dzimbiri, n'kuchikankhira kutali. Anabweretsa tchizulo ija, anaika mpini wake pa phingo, n'kusiya malo mbali zonse ziwiri. Anayatsa sowo, n'kulowetsa chidutswacho pakati penipeni pa mzere wa pensulo ndi unzake, pomwe achimwene sanajambule kanthu.

A Satayakanthu anathamangira mkati wogula ali chiimire ndi cholembera m'manja. Anapeza kambali kopyapyala katagwa kale pansi, kosakwana ngakhale chotokosera m'khutu.

"Wapenga?"

"Zimitsani sowo ngati mukufuna. Koma zitatu zija palibenso."

"Mtengo wa abambo! Wausandutsa nkhuni ndi makani akowa!"

"Mtengo wa abambo, mwanena bwino. Si wanu, si wanga, si wa achemwali."

Anatembenuza chidutswacho n'kudula mbali yachiwiri iwo akuona. A Satayakanthu anatola timbali tomwe tinagwato, anatitembenuza uku ndi uku kufuna ntchito yomwe tingagwire, ndipo atalephera nkhope yawo inaoneka ngati aferedwa. Anatiika m'thumba la malaya.

"Chikasweka, ukawauze wekha kuti phingo wawo ali m'zinyalala. Ine usandiitane."

"Ndikawauza. Ine ndimalankhula nawo, sindiwalankhulira."

Kuboola kunatenga masana onse. Phingo ndi wouma mtima, amatentha chiboolero, ndipo ukamukakamiza amasweka. Nautuchi ankalowetsa pang'ono, n'kutulutsa, kupemerera utuchi, kudikira chitsulo chizizire, n'kuyambanso. Anamanga kachipikako ndi waya mozungulira kuti mng'alu usayasame. Chiboolero chili pafupi kutulukira, kunamveka kuti thwa! Kumapeto kunali kutang'ambika ndithu, chibenthu chachikulu chitachoka. Anayeza ndi kapaipi. Pong'ambikapo panathera m'gawo lomwe anasiyira dala, kutsala kachidutswa kopyapyala ngati chikhadabo kuti pafike pofunika. Anadulapo, anathira guluu wamadzimadzi mumng'alu mpaka utakhuta, analowetsa kapaipi, n'kuika kachipikako pawindo kuti kaume.

Mawa lake achimwene sanamulankhule. Ankadutsa kumbuyo kwake ngati akufuna sandipepala, pomwe sandipepala anali m'manja mwawo. Nautuchi anamangirira kachipikako pa makina n'kuwayatsa pa liwiro lochepa. Ngodya zinayamba kugwa, utuchi wakuda ukumuthira kumaso ndi m'khosi. Chinthucho chinabulungira, chinayamba kuonetsa thupi. Ankazimitsa kawirikawiri n'kuyerekeza ndi mpini wa tchizulo, pakuti mkono wake unazolowera kuwondetsa ndipo unkafuna kupitirira wokha.

Kenako tchizulo yomwe ankasemera inakodwa. Chibenthu chinauluka n'kumenya lata la denga, makina akunjenjemera. Anazimitsa msangamsanga. Mng'alu unali utatulukira pamwamba, utayasama kuchokera pakati kulowera kumapeto. Nautuchi anagwira m'mphepete mwa benchi. Anafuna kulira, koma osati pamaso pa munthu uyu.

A Satayakanthu anayandikira, anayang'ana, osanena kuti ndinakuuza, ngakhale mawuwo ankaoneka ali pakhosi. Anapita ku benchi yawo, anatenga tchizulo yawo yomwe sankabwereka munthu, anainola, n'kuiika pafupi ndi dzanja la mlongo wawo.

"Yakoyo yabuntha. Ikukumba, sikudula."

"Sindinapemphe."

"Inenso sindinakupatse. Ndangoiika apo."

Nautuchi anasonkhanitsa utuchi wa phingo yemweyo, anausakaniza ndi guluu, n'kuutsendera mumng'alu ndi nsonga ya msomali. Zitauma anayatsanso makina. Kwa kanthawi anapitiriza ndi tchizulo yake yobunthayo, kungofuna kuti zidziwike. Kenako anatenga ya achimwene osathokoza, n'kumapala mopepuka ngati akumeta khanda. Mtengo unapirira.

Chomwe chinatuluka pa makina sichinali chokongola. Chinali chachifupi, chonenepa pakati, chili ndi chipsera chotuwa m'mbali. Ngakhale atachisalaza ndi kuchipaka mafuta mpaka kunyezimira, pa shelefu chikanaoneka ngati chalowerera ukwati wa eni.

"Chimenechi ndi cholembera kapena chibonga?" anafunsa a Satayakanthu.

"Si chogulitsa, musavutike."

Loweruka galimoto inafika m'mawa. Achemwali anali atalongedza kale zovala za abambo m'chikwama, abambowo atawakhazika pa mpando wawo wa matayala, atawaveka jekete. Nautuchi anaima pakhomo la kachipindako, mikono itatambasulidwa kugwira mafelemu onse awiri.

"Muno simutuluka munthu eni ake asananene."

"Tayambanso?" anatero achemwali. "Ulendo ndi wautali, iwe."

"Mwadikira sabata, mudikiranso pang'ono. Kapena mundinyamule ine poyamba."

Achemwali anatembenukira kwa a Satayakanthu kuti amuchotse, koma iwo anali akuyang'ana kudenga ngati aonako chachilendo. Nautuchi anasiya khomo, anagwada patsogolo pa abambo, anaika kathabwa pa maondo awo ndi pepala pamwamba. Kenako anatulutsa cholembera chija m'thumba.

Abambo anachizindikira nthawi yomweyo. Maso awo anapita ku denga la shopu, n'kubwerera pa cholemberacho, n'kuima pa chipsera chija. Nautuchi sanadikire kufunsidwa.

"Inde, ndi yemwe uja. Ndinamudula ine, achimwene atakana. Mukafuna kukalipa, kalipirani pa pepalapa."

Anachilowetsa pakati pa zala. Zinatseka.

"Abambo, funso ndi limodzi. Mukufuna kupita kwa achemwali, kapena mukufuna kukhala pano? Lembani zanu, musaope nkhope ya munthu."

Nsonga inakhudza pepala n'kuterereka, kusiya mzere wautali wopanda tanthauzo. Abambo anapuma, anakokera dzanja kumbuyo ndi phewa lonse, n'kuyambanso. Thukuta linatuluka pamphumi. Zilembo zinabwera chimodzichimodzi, zazikulu, zopendekeka, zina zitakwerana. Nautuchi ankagwira pepala kuti lisasunthe, akumwetulira kale, atakonzeka kuwerenga mokweza kuti onse amve.

Pa pepalapo panalembedwa kuti NDIPITA.

Kumwetulira kuja kunamuumira pankhope.

"Abambo, mwina simunamve bwino. Ndati mukhoza kukhala. Ine ndilipo, sinditopa nanu."

Cholembera chinayendanso. Ulendo uno chinatenga nthawi yaitali, ndipo palibe anayerekeza kuwathandiza. MAKINA AKALIRA MANJA AMAFUNA. ZIMAWAWA.

Nautuchi anakhala pansi penipeni. Kuyambira tsiku lomwe abambo anachoka kuchipatala, iye ankasiya chitseko cha pakati pa shopu ndi kachipindako chili chotsegula, n'kuchitsekereza ndi njerwa, kuti azimva makina akulira, azimva fungo la utuchi, asamadzione ngati atayidwa. Ankadzitama nazo mumtima kuti ndi iye yekha amene amawamvetsa. Ndiye kuti m'mawa uliwonse ankawakhazika munthu wanjala pakhomo la khitchini. Zinamupweteka kwambiri, ndipo misozi yomwe anaikaniza pa makina inabwera yonse.

A Satayakanthu anakonza pakhosi. Sanafune kunyoza, koma munthu sasiya chikhalidwe chake tsiku limodzi.

"Paja ndinanena ine kuti avomera."

Nautuchi anadzuka, anapukuta nkhope ndi epuloni, utuchi wakuda n'kumusiyira mizere m'masaya.

"Munanena inu. Lero anena okha. Si zofanana, achimwene, ndipo phingo wina akanakhalapo ndikanamudulanso chimodzimodzi."

Ananyamula yekha chikwama cha abambo n'kutsogola. A Satayakanthu anakankha mpando kudutsa mu shopu, pakati pa mabenchi, makina onse ali chete. Panja achemwali anawerama kuti atenge cholemberacho achisunge m'chikwama chawo, kuopa kuti chitayika panjira. Anakoka, sichinachoke. Anakokanso, abambo akungowayang'ana, mpaka anachisiya okha mwamanyazi. Anatsegula chitseko cha kumbuyo kwa galimoto n'kuyamba kuyala bulangete.

"Tiwagoneke kumbuyo kuno," anauza a Satayakanthu. "Akhala bwino, sichoncho?"

"Mukufunsa ndani?" anatero Nautuchi. "Eni ake ndi awa."

Anabwezera kathabwa pa maondo a abambo, anatembenuza pepala mbali yopanda kanthu, n'kuligwira. Anthu odutsa mumsewu anayamba kuchepetsa liwiro kuti aone. Achemwali anayang'ana wotchi. Abambo analemba osafulumira, ngati msewu wonsewo ndi wawo.

KUTSOGOLO.

Nautuchi anachotsa zikwama za achemwali pa mpando wakutsogolo n'kuziponya pa bulangete lija. Akulirabe, anagwada n'kukankhira mpandowo kumbuyo kuti miyendo ya abambo ikwane.